Dzenje la Bambo Lilibe Tsamba Lachikasu

Lolemba, 5 Ogasiti

Ndafika. Kandege ka ku Tarawa kanachedwa maola atatu, mwa masiku onse. Tili m'mwamba, chilumba chathu cha Marakei chimaoneka ngati mphete yoiwalika pa nsalu yabuluu, ndipo ndinadzipeza ndikufunafuna denga la kwathu ngati ndingalione. Zauchitsiru.

Anandichingamira ndi azakhali a Aroita, pa njinga yamoto yobwereka. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ku Suva kulibe chakudya, Tiebane? Kapena mabukuwo ndi amene akukudya?" Ndinati ndi sukulu. Akuti sukulu yanji yosatha, anzako ana awo ayamba kale kukwera mitengo ya kokonati.

Ntchito yanga: maenje 23 a m'mudzi muno olimamo babai, koko wathu wamkulu uja womera m'matope. Kuyeza mchere m'madzi a dzenje lililonse m'mawa ndi madzulo, kuwerenga masamba achikasu, kulemba. Loweruka pa 17 ndikafotokoze zomwe ndapeza mu maneaba, nyumba ya misonkhano ya mudzi, pamaso pa akuluakulu onse. Kenako ndibwerere ku yunivesite ku Suva ndi manambala kwa Dr. S., ondiyang'anira. Digiri yanga yonse yagona m'matope amenewa.

Bambo anabwera dzuwa litapendeka, matope mpaka m'ntchafu. Anandigwira phewa. "Wabwera." Basi. Moni wa a Tioti ndi umenewo, zaka ziwiri osaonana.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

M'dzenje la munthu sulowa, ngakhale utabwera ndi kalata ya boma. Zomwe mwini amathira m'madengu ozungulira babai wake, masamba ati, dothi la pansi pa mtengo uti, ndi zake ndi mwana mmodzi yemwe wamusankha. Kwathu anasankhidwa Rutiano, mlongo wanga, ndipo pano akuthyola maapozi ku New Zealand. Ine m'dzenje la Bambo sindinapondemo chibadwire.

Ndiye ndamangirira kachipangizo kanga koyezera mchere ku ndodo yowedzera, ndikumakaviika nditaima m'mphepete. Azakhali ataona aseka mpaka kugwira nthiti. "Zaka zonsezi kusukulu, wabwerako ndi ula? Tiombezere, mwamuna wako ali kuti?"

Maenje khumi lero. Onse mchere wakwera, ukulowera pansi nyanja ikadzaza. La a Taomati, aneba athu, ndinaliyang'ana nkumva chisoni. Masamba aakulu ngati chitseko aja angoti lende, m'mbali mwachita chikasu ngati apsa ndi moto. Ndawerenga 31. Iwo anaima kumbuyo kwanga manja kumsana. "Usalembe dzina langa. Lemba kuti ndi la munthu wina wa ku chilumba cha Abaiang."

Koma kumaenje kuja nkokoma. Ndinali nditaiwala. Mphepo siifika, phokoso la nyanja limamveka kutali ngati munthu akupuma m'chipinda china, ndipo kuwala kumatsika kobiriwira, kosefedwa ndi masamba. Ndinakhala pa chitsa kuti ndilembe, nkudzidzimuka patapita theka la ola ndisanalembe kanthu. Ndimangoyang'ana kadontho ka madzi kakuyendayenda pa tsamba osalinyowetsa.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Dzenje nambala 14. La Bambo.

Ndinaviika kachipangizo. Mchere wofanana ndi wa a Taomati, mwinanso kuposerako pang'ono. Ndinakweza maso kuti ndiwerenge achikasu. Palibe. Ndinazungulira dzenje lonse kawiri. Palibe ngakhale limodzi. Lonse lobiriwira biriwiri, masamba ali chilili ngati ana a kwaya. Ndinatsuka kachipangizo ndi madzi a m'thanki, kuyezanso. Chimodzimodzi. Kachitatu. Chimodzimodzi.

Mchere womwewo, babai wa mtundu womwewo, mpata wake masitepe makumi awiri okha, wina akufa wina ali moyo. Ndiye kuti nkhani ili m'madengumo.

Ndinathamangira kuseri kwa tchalitchi komwe netiweki imagwira ukakweza foni m'mwamba. Ndatumizira Dr. S. zithunzi ndi manambala. Ndinalemba kuti, "Ndikuganiza kuti tapeza kanthu." Sindinawauze kuti mwini dzenje ndi bambo anga. Ndiwauza mawa, ndikufuna ndikhale nacho ndekha kaye.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Nambala 14: ziro m'mawa, ziro madzulo. Ndinagona masana pa mkeka, ndinalota chilumba chonse chitaphimbidwa ndi tsamba limodzi, ife tonse tili pansi pake tikusenda nsomba.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Dr. S. ayankha, mawu ambirimbiri, munthu amene nthawi zonse amangoti "chabwino". Akuti ngati zili choncho, si za Marakei yekha. Zilumba zonse zomwe mchere ukudya maenje zingapindule. Akuti ndiyesetse kucheza ndi mwini dzenje mwaulemu. Ndinaseka ndekha kuseri kwa tchalitchi. Mwini dzenje ameneyo amandituma fodya.

Cholakwa changa nchakuti ndinauza azakhali. Pofika masana mudzi wonse unali utamva kuti makina a ku Suva agwadira dzenje la a Tioti. Ku sitolo ndinamva mayi wina akuti, "Eetu, akuti mcherewo ukafika pamenepo umabwerera wokha."

Madzulo ndinawapeza Bambo akunola mpeni.

"Bambo, m'madengu muja mumathiramo chiyani?"

"Masamba."

"Masamba anji?"

"A mitengo."

Anayesa mpeni pa chikhadabo, osandiyang'ana. Ndinawauza kuti dzina lawo lidzalembedwa m'buku, anthu a ku Tuvalu adzaliwerenga. Anangoti, "Tiyi watha?"

Sindikwiya. Adzanena. Ogoma uchema ayamba kuimba m'mitengo, wina kuno wina kutsidya kwa nyanja ya m'kati, nyimbo zosiyana koma zimakumana pamwamba pa madzi. Ndakhala ndikuganiza za tsamba loyamba la buku langa. *Kwa bambo anga, Tioti.* Mwina ndionjezere dzina la Amayi, ngakhale iwo sadzaliona. Ndikumuona Rutiano akutsika ndege atamva kuti kwathu kuli ntchito. Ndikuona maenje onse 23 abiriwira. Ndikudziona nditanenepa, azakhali atasowa chonena.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Zachitika zomwe sindinazionepo. A Taomati abwera kwathu titaweruka ku tchalitchi, atanyamula nsomba ziwiri zazikulu. Anthu awiriwa akhala akupikisana pa babai kuyambira ine ndisanabadwe. Pa phwando lililonse, wa ndani wamkulu, wa ndani wafunika anthu angati kuti amunyamule. A Taomati amati Bambo amalima ndi pakamwa, Bambo amati babai wa a Taomati mwana akhoza kumuponyera mbalame pa legeni.

Lero anakhala pansi penipeni, osati pa thandala. Ine ndinali kuseri ndikupala kokonati, ndimamva zonse.

"Achimwene, mdzukulu wanga akwanitsa chaka mu Disembala. Mukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Ndinamubzalira babai asanu amayi ake asanakwatiwe nkomwe. Atatu afa. Phwando la mwana woyamba lopanda babai, ndidzawapatsa chiyani anthu, mabisiketi?" Anaseka pang'ono, kuseka kosafika patali. "Sindikupempha zonse. Tsamba limodzi lokha mundiuze. Limodzi."

Ndinasiya kupala kuti ndimve bwino. Bambo anakhosomola.

"Tidzaona Loweruka," anatero.

A Taomati atapita, Bambo sanadye nsombazo. Akuti m'mimba. Ndinawakwiyira mumtima, kuuma mtima kotani kumeneku, munthu wachita kudzitsitsa chonchi. Azakhali anadya mutu wa nsomba zonse ziwiri.

Lolemba, 12 Ogasiti

Dr. S. afunsa kafunso kakang'ono. "Achikasu ndi ziro, chabwino. Nanga masamba onse pa babai mmodzi ndi angati?"

Fomu yanga ilibe malo a zimenezo. Ndinaikonza ndekha, ndipo ndinangoika achikasu. Ndatsegula zithunzi. Kwa a Taomati babai aliyense ali ndi masamba asanu, asanu ndi limodzi, ena obiriwira ena achikasu. Kwa Bambo atatu. Ena awiri.

Mwina ndi njira yawo, kuthenera. Mwina chinsinsicho nchimenecho.

Ndapita kukasamba ku nyanja ya m'kati, ndinagona chagada pamadzi nthawi yaitali. Mitambo imayenda, ine ndili phee. Sindinafune kuganiza.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Azakhali akuwapaka Bambo mafuta a kokonati m'manja. Manja atupa, ofiira mpaka m'zigongono. "Utomoni wa babai umenewu," akutero azakhali. "Chaka chonse munthu kumangodzikanda ngati galu. Umatani kudzenje kuja m'bandakucha, umalimbana naye?" Bambo anandiyang'ana kamodzi nkubisa manja m'nsalu.

Babai sadulidwa tsiku ndi tsiku. Ngakhale ine wosasankhidwa ndikudziwa.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Ndawatsatira. Kunja kukungoyamba kuyera, nkhanu zikubwerera m'mauna. Ndinaima kuseri kwa mtengo ngati wakuba, kwathu komwe ndinabadwira.

Anatsikira m'dzenje, madzi mpaka m'mawondo. Amayenda pang'onopang'ono, babai ndi babai, akutembenuza tsamba lililonse kuliyang'anitsa m'mbali. Akapeza lomwe layamba chikasu, mpeni, tsee. Amalipinda kanayi, kuliponda ndi phazi mpaka lilowe pansi pa matope, nkusalaza pamwamba. Pa tsinde podulidwapo amapakapo thope kuti pasaoneke poyera. Ndinawerenga asanu ndi awiri.

Chomwe chandipweteka si kudulako. Ndi mmene amachitira. Asanadule amaligwira kaye tsambalo ndi manja awiri, ngati mmene ankawagwirira Amayi nkhope ku chipatala kuja. Milomo imayenda. Sindikudziwa ngati amapemphera kapena amapepesa.

Ndinabwerera iwo asanatuluke. Nthawi ya 7 ndinapita ndi ndodo yanga monga mwa masiku onse, ndinaima m'mphepete, ndinawerenga. Ziro. Ndinalemba ziro. Dzanja langa lomwe.

Chikomekome cha mkuyu. Ndipo nyererezo ndaziitanira mudzi wonse, ndi Suva yomwe.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Sindinathe kupirira. Azakhali atapita ku masewera a bingo a amayi a tchalitchi, ndinakhala moyang'anizana nawo.

"Bambo, ndinakuonani dzulo."

Sanafunse kuti kuti. Anapitiriza kupota chingwe pa ntchafu.

"Munayamba liti?"

"Chaka chatha. Nyanja itadzaza kwambiri mu Febuluwale muja."

"Ndiye bwanji osandiuza? Ndalemba ziro masiku asanu ndi atatu. Ndauza aphunzitsi anga. Loweruka ndikaima pamaso pa anthu, ndikanene chiyani?"

"Ndinakuitana ine? Unabwera ndi ndodo yako, unafunsa madzi. Ine sunandifunse ngati dzenje lili bwino. Unandifunsa zomwe ndimathira."

Zoona. Zinandiwawa chifukwa ndi zoona. Ndinakweza mawu, ine, kwa bambo anga. Ndinati a Taomati akudikira tsamba lomwe kulibe, anthu akufuna kutengera njira yakufa. Ndinati kudula masambawo kukumupha msanga babaiyo, akupuma ndi chiyani. Apo ndiye anasiya chingwe.

"Ukuganiza kuti sindikudziwa? Zonse zomwe bambo anga anandipatsa ndathira. Ndaonjeza zanga. Ndakatenga dothi kutsidya pa bwato. Palibe." Anatolanso chingwe chija. "Mu maneaba ndimakhala pomwe ndimakhala chifukwa cha dzenje lija, Tiebane. Ndilibe sitolo, ndilibe mwana wa m'boma. Mwana yemwe ndinamupatsa nzeruzi akuthyola zipatso za azungu. Likafa lija, a Tioti ndi ndani?"

Ndinafuna kunena kuti ndinu bambo anga, koma zikanamveka ngati za mu wailesi.

"Ukanene zomwe sukulu yako ikufuna," anatero. "Ine sindikuuza chonena."

Madzulo sindinapite ku nambala 14. Ndasiya mpata pa fomu.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Tsiku lonse osalankhulana. Azakhali akuti nyumba ino yazizira ngati mwalowa maliro, mwadyetsana chiyani anthu inu.

Ndayeza maenje 22. La 14 ndalilambalala, ndinadzera njira ya kunyanja.

Ndalemba zokanena mawa kawiri. Pepala loyamba likuti dzenje limodzi likuoneka lolimba, kafukufuku apitirire. Si bodza lenileni, ndimadziuza choncho. Bambo akhala pamalo pawo, a Taomati adikirabe, ine ndikwera ndege Lolemba, Dr. S. ndikawauza zoona tili awiri. Pepala lachiwiri likuti maenje onse 23 akudwala, palibe wapulumuka, tiyambe kuganiza zokweza babai m'mwamba, m'mabedi a simenti kapena kukumba kwina pakati pa chilumba. Limenelo ndi loona. Koma anthu adzafunsa, nanga la a Tioti lija? Ndipo ndidzayenera kuyankha iwo ali pompo, pa mkeka wawo, a Taomati ali pambali.

Dr. S. sindinawauzebe. Ndinafika kuseri kwa tchalitchi, ndinakweza foni, ndinaitsitsanso.

Masana ndinawodzera pa thandala, ndinalota Amayi akuyanika zovala pa masamba a babai, akuimba. Ndinawafunsa kuti nditenge pepala liti. Anati ndiwapatsire zopanira. Ngakhale kumaloto anthu a m'banja muno sayankha funso.

Mapepala onse awiri ali m'thumba la siketi yomwe ndivale mawa. Ndikuwakonda bambo anga, ndipo ndikuopa kuti mawa ndiwavula pagulu. Ndikuopanso kuti sindiwavula.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndikulemba msangamsanga, belu la maneaba lilira posachedwa.

Ndinadzuka nkupeza Bambo atapita kale. Mpeni wawo uli pa thandala. Ndinauyang'ana nthawi yaitali ndisanamvetse kuti ausiya.

Ndinatenga ndodo ndi fomu. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa dzenje, miyendo ili lende, akusuta. Malaya oyera a ku msonkhano atavala kale. Kutsogolo kwawo, poonekera kwa aliyense wodutsa m'njira, chikasu. Dzuwa linali litangofika pamenepo, masambawo amawala ngati nyali.

Sanatembenuke. "Wachedwa. Dzulo sunabwere, dzana madzulo sunabwere. Ntchito yake imayenda choncho?"

"Ayi, Bambo."

"Werenga."

Ndisanayambe tinamva mapazi. A Taomati, chidebe cha uchema m'manja, akuchokera ku mitengo yawo. Anafika, anaima. Anayang'ana dzenje, anayang'ana Bambo, anayang'ananso dzenje. Ndinadikira chipongwe, zaka makumi anayi akuchisungira tsiku ngati ili. Anatula chidebe pansi, anakhala pambali pa Bambo, nawonso miyendo lende.

"Fodya alipo?" anatero.

Bambo anawapatsa ndudu yomwe amasuta ija.

Ndinazungulira m'mphepete ndikuwerenga, maso akuchita nkhungu. Ndinabwerera pomwe anakhala.

"Anayi."

"Asanu ndi limodzi," anatero Bambo. "Awiri ali kuseri kwa wamkulu uja. Uli pamenepo sungawaone."

Ndinati ndilemba asanu ndi limodzi, ndawakhulupirira.

"Usalembe za kumva. Vula nsapato, utsike."

Matope ake ndi ozizira, ndipo amagwira mwendo ngati sakufuna ubwerere. Siketi ya ku msonkhano yanyowa mpaka m'chiuno, mapepala onse awiri ali m'thumba momwemo. Ndinawapeza masamba awiriwo. Pansi pa phazi ndimamva ena, ambirimbiri, opindidwa kanayi.